Mwana Womaliza Msanga: Funso la Chilungamo M'kalasi

M'kalasi iliyonse mumapezeka mwana yemwe amamaliza msanga. Mphunzitsi akalemba mafunso khumi a masamu pabolodi, iye amakhala atathana nawo onse anzake akadali pa funso lachitatu. Akatero amatseka kope lake n'kuyamba kudikira. Amadikira Lolemba, amadikira Lachiwiri, amadikira teremu yonse, ndipo ena mwa ana otere amadikira zaka zonse 8 za sukulu ya pulaimale. Mphunzitsi wotopa amakhala ndi njira zitatu zochitira naye: kumuuza kuti akhale chete, kumuwonjezera mafunso ena khumi ofanana ndi oyamba aja, chomwe kwenikweni ndi chilango pa mlandu wofulumira, kapena kumupatsa pepala kuti azilemba maina a olongolola. Mwa njira zitatuzi palibe ndi imodzi yomwe imene imamuphunzitsa kanthu katsopano.

Kodi mwana ameneyu walakwiridwa? Anthu ambiri a mtima wabwino amayankha kuti ayi. Iwo amati m'maiko momwe ana ochuluka amafika Sitandade 4 asanathe kuwerenga chiganizo chachifupi m'chiyankhulo chawo, kudandaulira mwana wanzeru kuli ngati kupepesa munthu wokhuta pamudzi pomwe pagwa njala. Wanzeruyo, iwo amatero, adzadzionera yekha njira: adzakhoza mayeso, adzasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo kudikira kwakeko sikudzamusiyira chipsera. Yankho limeneli lili ndi mphamvu ndipo siloyenera kupeputsidwa. Komabe limaiwala chomwe sukulu imalonjeza. Sukulu silonjeza mwana malo okhalapo okha kapena satifiketi yokha. Imamulonjeza kuti akamaweruka adzakhala akudziwa chinthu chomwe sankachidziwa m'mawa. Mwana yemwe sadatolepo kanthu chifukwa phunziro lidamutalikira, ndi mwana yemwe sadatolepo kanthu chifukwa phunzirolo adalipitirira kale, onse awiri amabwerera kunyumba chimanjamanja. Kusiyana kwake n'kwakuti kutaya kwa woyambayo kumaonekera pa mayeso, pamene kwa wachiwiriyo kumabisala m'malikisi abwino.

Nkhaniyi yakambidwa kwambiri ku United States. M'chaka cha 1972 Sidney Marland, yemwe adali mkulu woona za maphunziro m'boma la dzikolo, adapereka lipoti ku nyumba ya malamulo lonena kuti ana ambiri aluntha lapadera sankalandira thandizo loyenera msinkhu wa nzeru zawo, ndiponso kuti kuwanyalanyaza kumawavulaza monga momwe kumavulazira mwana wina aliyense wosowa thandizo lapadera. Mu 1993 Sally Reis ndi anzake a pa yunivesite ya Connecticut adafalitsa zotsatira za kafukufuku yemwe funso lake lidali lapafupi: kodi ndi gawo lalikulu motani la silabasi lomwe mwana wotere amakhala akulidziwa kale? Aphunzitsi a m'masukulu a pulaimale adapemphedwa kuti aziyamba ayesa anawo asanaphunzitse mutu watsopano, kenaka n'kuchotsa zomwe mwanayo wasonyeza kuti akuzidziwa. Adapezeka akuchotsa pakati pa 40 ndi 50 peresenti ya ntchito m'maphunziro omwe anawo ankawakhoza kwambiri, koma malikisi awo sadatsike. M'mawu ena, pafupifupi theka la nthawi ya mwana wotere limathera pobwereza zomwe adazidziwa kale.

Njira yakale yothetsera vutoli idali yowachotsa ana otere pakati pa anzawo n'kuwamangira sukulu yawoyawo kapena kalasi yawoyawo. Njira ina, yomwe Susan Winebrenner ndi Dina Brulles adaifotokoza mwatsatanetsatane m'buku lawo la 2008, ndi yowasiya m'kalasi wamba koma n'kuwaika pamodzi m'kagulu. Mwachitsanzo, sukulu ikakhala ndi makalasi atatu a Sitandade 4, ndipo mwa ana onsewo muli asanu ndi mmodzi aluntha lapadera, chizolowezi cha masukulu ambiri ndi kuwagawa awiriawiri kuti mphunzitsi aliyense alandireko, monga momwe zimagawidwira ndiwo zosowa. Njira ya kagulu imakana zimenezi. Ana asanu ndi mmodziwo amaikidwa m'kalasi imodzi, pamodzi ndi ana ena wamba, m'manja mwa mphunzitsi yemwe adaphunzira kasamalidwe kawo. Ana okhoza bwino koma osafika pa kaguluko amatumizidwa ku makalasi enawo kuti nakonso kukhale otsogola, ndipo ana ovutika kwambiri saikidwa m'kalasi ya kagulu ija, kuti mtunda wa pakati pa woyamba ndi wotsiriza usatalike kuposa mphamvu za mphunzitsi mmodzi. Maganizo ake ndi akuti mphunzitsi angathe kuiwala mwana mmodzi wokhala phee pakona, koma ana asanu ndi mmodzi omwe amamaliza nthawi imodzi n'kuyamba kufunsa mafunso sangawaiwale. Amakakamizika kuwakonzera ntchito. Ndiponso mwanayo amapeza mnzake womutsutsa, chinthu chomwe wanzeru wokhala yekha amachisowa kuposa mabuku.

Poiona koyamba njirayi imaoneka yachilungamo, ndipo anthanthi akale angathe kuiikira umboni. M'buku lake lonena za ndale, Aristotle adapereka fanizo la zitoliro: pogawa zitoliro, zabwino koposa ziyenera kupita kwa odziwa kuimba koposa, osati kwa obadwira m'banja lomveka kapena okongola nkhope, popeza ntchito ya chitoliro ndi kuimbidwa. Potsata fanizoli, masamu ovuta ayenera kupita kwa mwana yemwe angawathe. Koma fanizoli limatsimphina likalowa m'kalasi. Oimba a Aristotle ndi anthu akuluakulu omwe luso lawo lidakhwima kale, ndipo ntchito ya wogawa zitoliro ndi kungolizindikira. Mwana wa zaka 7 sadakhwime. Sukulu siingozindikira oimba, imawaumba, ndipo mwana yemwe wapatsidwa chitoliro chabwino lero ndiye adzaoneke woyenera chitoliro chabwino mawa. Apa m'pomwe funso la kaphunzitsidwe limasanduka funso la chikumbumtima.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Ray Rist adakhala akuonerera kalasi ya ana oyamba kumene sukulu mu mzinda wa St. Louis, m'dera la anthu akuda osauka, ndipo zomwe adaona adazifalitsa mu 1970. Mphunzitsi wa kalasiyo, yemwenso adali wakuda, adagawa anawo pa matebulo atatu pa tsiku la 8 chitsegulire sukulu. Tebulo loyamba, lomwe lidali pafupi ndi iye, lidali la omwe adawayesa ophunzira msanga. Awiri enawo adali a ochedwa. Padali pasanachitike mayeso a m'kalasi aliwonse. Rist atayang'anitsitsa adaona kuti a pa tebulo loyamba adali ana ovala zoyera, opesa bwino, ochokera m'mabanja opezako bwino, ndiponso oyankhula Chingerezi chofanana ndi cha mphunzitsiyo osati cha m'makwalala a kwawo. Chaka chonse mphunzitsiyo ankaphunzitsa maso ali pa tebulo loyamba, mwakuti ena a pa tebulo lachitatu ankavutika ngakhale kuona zolembedwa pabolodi. Pofika chaka chachitatu, mphunzitsi wina adapatsa magulu a m'kalasi mwake maina: apamwamba adali Tigers, apakati adali Cardinals, ndipo apansi adali Clowns, ndiye kuti zitsiru zoseketsa anthu. Pa nthawiyi kugawako kudali ndi umboni wa malikisi, koma malikisiwo adali zipatso za mtengo womwe udabzalidwa pa tsiku la 8 lija. Omwe adayambira pa tebulo loyamba ndiwo ankapezeka pamwamba chaka ndi chaka, ndipo kusuntha kuchoka gulu lina kupita lina kudali kosowa zedi.

Choyenera kuchisunga pa nkhaniyi n'chakuti zonsezi zidachitikira m'chipinda chimodzi. Padalibe sukulu yapadera, padalibe mpanda wa njerwa, padalibe mlonda pachipata. Mpanda wake udali matebulo atatu ndi maso a mphunzitsi. Choncho omwe amaganiza kuti kusunga ana onse pansi pa denga limodzi kumathetsa tsankho akudzinyenga. Aliyense yemwe adaphunzirako m'masukulu a m'chigawo chino cha Africa amaudziwa mzere wa kumbuyo kwa kalasi komwe choko sichifika, ndipo amadziwanso kuti ana sanyengeka ndi maina okoma: gulu lapansi ngakhale litatchedwa la Nkhunda kapena la Maluwa, sabata isanathe aliyense amakhala atadziwa kuti Nkhunda ndiye mbuli. Akale adati m'mera m'poyamba. Mwambiwu kawirikawiri umanenedwa polimbikitsa kusamalira mwana akadali wamng'ono, koma umachenjezanso kuti phazi lomwe laponda m'mera limaononga koposa lomwe laponda chimanga chomasula. Mphunzitsi wa ku St. Louis uja sadali munthu wankhanza. Adangomva kayankhulidwe kofanana ndi kake n'kukayesa nzeru, cholakwa chomwe ophunzira ambiri amachichita tsiku ndi tsiku osazindikira.

Mu 1968 Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson adaonetsa mbali ina ya vuto lomweli pouza aphunzitsi a pa sukulu ina ku California kuti ana ena, omwe kwenikweni adangosankhidwa mwachisawawa, adali pafupi kuphuka nzeru. Ena mwa anawo, makamaka a m'makalasi oyambirira, adakweradi pa mayeso. Ofufuza a pambuyo pake adapeza kuti mphamvu ya chiyembekezo cha mphunzitsi ndi yocheperapo kusiyana ndi momwe idalengezedwera poyamba, koma kuti ilipo ndithu, ndipo imakula pamene mphunzitsi wauzidwa za mwana asanamudziwe yekha.

Tsono njira iliyonse yoika ana aluntha m'kagulu imaima kapena kugwa pa funso limodzi: ndani akuloza mwanayo, ndipo akumuloza ndi chiyani? Liwu lomwe Chingerezi chimagwiritsa ntchito potchula ana otere limatanthauza opatsidwa mphatso, ngati kuti luntha ndi phukusi limodzi lomwe mwana ali nalo kapena alibe. Chichewa sichimanga zinthuzi m'phukusi limodzi. Chili ndi nzeru, luntha, luso ndi kuchenjera, ndipo mawuwa salowana m'malo mwachisawawa. Kalulu wa m'nthano ndi wochenjera, koma palibe kholo lomwe lingamusiyire khanda kapena kumutuma kuchigayo ndi ndalama. Robert Serpell, katswiri wa za maganizo a pa yunivesite ya Zambia, adafufuza nkhaniyi pakati pa Achewa a m'boma la Katete kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo adailemba m'buku lake la 1993. M'malo mobwera ndi mayeso okonzeratu, iye ankafunsa akuluakulu a m'midzi kuti mwa ana omwe ankawadziwa, ndani yemwe angamutume pa ntchito yakutiyakuti, ndipo chifukwa chiyani. Mayankho awo adaonetsa kuti nzeru, kapena kuti nzelu m'kalembedwe ka ku Zambia, ili ndi nthambi ziwiri: kuchenjera, komwe ndi kufulumira kwa mutu, ndi kutumikira, komwe kumaphatikiza kumvera ndi kukhulupirika. Mwana wochenjera koma wosatumikira akuluakuluwo ankamuopa m'malo momuyamikira. Sukulu, mwa nthambi ziwirizi, imayesa imodzi yokha, ndipo imeneyonso imaiyesa ndi pensulo.

Serpell yemweyo adafalitsa mu 1979 kafukufuku wina wamng'ono koma wotsegula maso. Adapatsa ana a ku Lusaka ndi a ku England zitsanzo zoti atsanzire pogwiritsa ntchito zipangizo zosiyanasiyana. Pojambula ndi pensulo papepala, ana a ku England adapambana. Popinda waya, ana a ku Zambia, omwe amakula akupanga magalimoto a waya, ndiwo adapambana. Poumba, magulu awiriwo adafanana. Luso loona chinthu n'kuchitsanzira lidali lomwelo. Chomwe chidasintha wopambana chidali chipangizo chomwe woyesayo adasankha. Mwana yemwe amapinda waya n'kutulutsa galimoto yokhala ndi chiwongolero chokhotetsa mateyala wathana ndi mafunso a kayezedwe ndi kayendedwe ka zinthu omwe silabasi idzawatchule patapita zaka, koma palibe fomu ya sukulu yomwe ili ndi malo olembapo zimenezi.

Chipangizo chachikulu koposa zonse ndi chiyankhulo. Ku Malawi, kwa zaka zambiri Chichewa chidali chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, ndipo Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Mayeso omaliza pulaimale, omwe amagamula za tsogolo la mwana, amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Mwana wa kwa mphunzitsi kapena kwa namwino, yemwe amamva Chingerezi pawailesi ndi pachakudya, amaoneka wakuthwa. Mwana wa ku Mangochi yemwe kwawo amayankhula Chiyao amakhala akulimbana ndi ziyankhulo ziwiri zachilendo asanafike n'komwe pa funso la masamulo. Mayeso otere amayesa khomo lomwe mwana wachokera asanayese mutu wake. Vutoli si la Africa yokha. David Card ndi Laura Giuliano adafalitsa mu 2016 zomwe zidachitika m'dera lina lalikulu la masukulu ku Florida, komwe poyamba mwana ankayesedwa luntha pokhapokha mphunzitsi kapena kholo atamutchula. Mu 2005 deralo lidayamba kuyesa ana onse a m'kalasi yachiwiri ndi mayeso a zithunzi osadalira mawu. Chiwerengero cha ana akuda, ana oyankhula Chisipanishi ndi ana a m'mabanja osauka omwe adapezeka kuti ndi aluntha lapadera chidakwera kwambiri. Anawo adalipo kale, atakhala m'makalasi omwewo, pamaso pa aphunzitsi omwewo. Ndalama zitachepa, kuyesa ana onse kudasiyidwa ndipo chiwerengerocho chidatsikanso.

Boma la Kasungu lili ndi nkhani ziwiri zomwe ziyenera kuwerengedwa pamodzi. Mu 1981 Hastings Kamuzu Banda adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu ya ana opambana osankhidwa m'maboma onse a dziko, yokhala ndi aphunzitsi ochokera kunja, makamaka ku Britain, komwe Chilatini ndi Chigiriki zidali pakatikati pa maphunziro. Ana a alimi wamba adalowamo popanda kulipira, ndipo ambiri a iwo adadzakhala madokotala, maloya ndi mainjiniya, ichi n'chosakanika. Koma ndalama zomwe zinkathera pa mwana mmodzi pamenepo zidali zosayerekezeka ndi zomwe zinkathera pa mwana wa sukulu wamba, ndipo ulamuliro utasintha mu 1994 thandizo lakale lidaphwa mpaka sukuluyo idayamba kudalira ana olipira. Chaka chomwecho boma latsopano lidathetsa fizi m'masukulu a pulaimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Dziko lidachoka pa kudyetsa ochepa mokhutitsa kupita pa kugawira onse pang'onopang'ono, ndipo kalasi ya Sitandade 1 ya ana opitirira 100 idasiya kukhala chodabwitsa.

M'boma lomwelo, m'dera la Wimbe, William Kamkwamba adasiya sekondale pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake sakadatha kulipira fizi. Palibe mayeso omwe adamuloza kuti ndi waluntha lapadera. Chomwe adapeza chidali kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya kwawo, momwe mudali buku la Chingerezi lotchedwa Using Energy. Chingerezi chake chidali chochepa, motero ankadalira kwambiri zithunzi. Ali ndi zaka 14 adamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotayidwa za kudzala. Mu 2014 adamaliza maphunziro ake pa koleji ya Dartmouth ku United States. Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati umboni woti wanzeru amadzipezera yekha njira. Ingathenso kuwerengedwa mwanjira ina yowawa: ndi angati a mtundu wake omwe kwawo kudalibe kalaibulale?

Funso lotsatira ndi lakuti mphatsoyi mwini wake ndani. John Rawls, m'buku lake la 1971 lonena za chilungamo, adati palibe munthu yemwe adagwirira ntchito luntha lomwe adabadwa nalo, monganso palibe yemwe adasankha banja lobadwiramo. Iye sadanene kuti aluntha aponderezedwe kuti afanane ndi anzawo; adati dziko lingathe kuwasamalira mwapadera ngati kuteroko kudzatukulanso miyoyo ya omwe ali pansi penipeni. Maganizo amenewa sali kutali ndi a akuluakulu a ku Katete aja, ngakhale kuti njira zofikirapo n'zosiyana. Umunthu umaphunzitsa kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo mwambi wina umati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Luntha la mwana mmodzi ndi nkhokwe ya mudzi wonse. Ambiri amachoka pamenepa n'kuthamangira kunena kuti mwana womaliza msanga uja azikhala pakati pa anzake kuti aziwathandiza, basi nkhani yatha.

Nkhaniyo siitha msanga chotero. Njira yogwiritsa ntchito ana okhoza ngati aphunzitsi idayesedwa kale pa mlingo waukulu. Andrew Bell ku Madras m'zaka za m'ma 1790, ndi Joseph Lancaster ku London kuyambira 1798, adakonza masukulu momwe mphunzitsi mmodzi ankaphunzitsa mamonitala, ndipo mamonitalawo ankakabwereza phunzirolo kwa anzawo mazanamazana. Njirayi idafala chifukwa idali yotsika mtengo, ndipo idazilala patapita zaka makumi angapo chifukwa zomwe zinkadutsa m'manja mwa mamonitala zidali zoloweza pamtima chabe. Kufotokozera mnzako chinthu kumalimbitsadi kumvetsa kwako, ndipo mwana yemwe sadaphunzire kuleza mtima ndi wochedwa kumva wasowa phunziro lalikulu. Koma kufotokoza kugawa kwa manambala kachisanu sikuphunzitsa munthu aljebra. Immanuel Kant adachenjeza kuti munthu asamagwiritsidwe ntchito ngati chida chabe, ndipo mwana yemwe boma lamusandutsa mphunzitsi wosalipidwa chifukwa lalephera kulemba aphunzitsi okwanira wasanduka chida. Umunthu womwe umangotchulidwa pamene wamng'ono akufunika kusenza katundu wa akuluakulu ndi umunthu wokayikitsa. Ndiponso nkhokwe yomwe mudzi umangotapamo osaikamo siichedwa kuuma: ngati luntha la mwanayo lilidi la onse, ndiye kuti onse ali ndi ngongole yolikulitsa.

Otsutsa kugawa ana amakhulupirira kuti phindu la apamwamba limachokera m'thumba la apansi. Umboni wa ku Kenya udasokoneza chikhulupiriro chimenechi. Kuyambira mu 2005, Esther Duflo, Pascaline Dupas ndi Michael Kremer adatsatira masukulu 121 a kumadzulo kwa dzikolo omwe adapatsidwa mphunzitsi wowonjezera kuti agawe pawiri kalasi yoyamba. Pafupifupi theka la masukuluwo adagawa ana potengera malikisi awo oyambirira, ndipo enawo adagawa mwachisawawa. Zotsatira zake, zomwe zidafalitsidwa mu 2011, zidasonyeza kuti patatha miyezi 18 ana a m'masukulu ogawa potengera malikisi adakhoza bwino kuposa anzawo, ndipo phindulo lidafikira a gulu lapamwamba ndi lapansi lomwe. Ofufuzawo adati chifukwa chake n'chakuti m'kalasi yosakaniza aphunzitsi amakonda kuphunzitsa pa mlingo wa okhoza kwambiri, omwe ndiwo amadzabweretsera sukulu ulemu pa mayeso. Ochedwa akakhala paokha, phunziro limatsikira pomwe iwo ali. Mfundoyi ikutembenuza chithunzi chomwe nkhani ino idayambira. M'makalasi ambiri a mu Africa, mphunzitsi akuthamanga kale ndi ana asanu a kutsogolo, ndipo odikira, kapena kuti otayika, ndi 90 enawo. Magulu osalembedwa alipo kale m'kalasi iliyonse. Chomwe chikusowa ndi kuwavomereza poyera kuti athe kufunsidwa mafunso.

Zambia idatengera phunziro lofanana ndi limeneli kuchokera ku bungwe la Pratham la ku India. Mu 2016 unduna wa maphunziro udayamba kuyesa ndondomeko ya Catch Up m'zigawo za Kum'mawa ndi Kumwera. Ana a m'makalasi a 3 mpaka 5 amayesedwa mmodzimmodzi ndi mayeso aafupi a pakamwa, kenaka amaikidwa m'magulu potengera pomwe afika: osadziwa zilembo, odziwa zilembo, owerenga mawu, owerenga ndime. Amaphunzira motero kwa nthawi yochepa pa tsiku, m'chiyankhulo cha kwawo, ndipo amayesedwanso kawirikawiri kuti yemwe wadziwa asunthire gulu lotsatira. Ndondomekoyi idakonzedwera otsalira m'mbuyo osati othamanga, koma kamangidwe kake kakuonetsa chomwe chidasowa pa matebulo a ku St. Louis. Gulu likutchula ntchito yomwe mwana akuchita mwezi uno, osati mtundu wa mwanayo. Limakhala la phunziro limodzi, mwakuti wotsogola pa masamu angathe kukhala wapakati pa kuwerenga. Ndipo khomo lake ndi lotsegula mbali zonse.

Pamenepa ndiye pali malire a pakati pa kugawa kovomerezeka ndi kosavomerezeka, ndipo njira ya kagulu ya ku United States ija siidutsa malirewa mosavuta. Imayamba ndi kulemba dzina pa mwana, dzina lomwe kawirikawiri limamumatirira zaka zonse za sukulu, ndipo imadalira mayeso omwe kufooka kwake kwaoneka kale. Imathanso kukopa mphunzitsi wabwino koposa pa sukulupo, pamodzi ndi makolo odziwa kugogoda pa ofesi ya ahedi, kuti onse akakumane m'kalasi imodzi. Koma ili ndi mbewu imodzi yoyenera kusungidwa: kuyesa mwana mutu usanaphunzitsidwe, ndi kumumasula ku zomwe wazidziwa kale. Mbewu imeneyi siifuna kuti wina atchedwe wamphatso. Mayeso a pachiyambi angathe kupatsidwa kwa aliyense wofuna, ndipo yemwe wakhoza, kaya ndi mwana wa ahedi kaya ndi wa mzere wa kumbuyo uja, amapita pangodya kukalimbana ndi ntchito yovutirapo pamodzi ndi ena omwe akhoza sabata imeneyo. Sabata yotsatira, pa mutu wina, nkhope za pangodyapo zingathe kusintha.

Wina adzafunsa kuti mphunzitsi wa ana 100, wopanda mabuku okwanira, yemwe amachonga makope ndi nyali usiku, nthawi yokonzera ntchito ziwiri aitenga kuti. Funsoli ndi loona, ndipo likusonyeza kuti mlanduwu si wa mphunzitsi yekha. Ntchito yovutirapo siiyenera kupekedwa ndi iye usiku uliwonse. Ingathe kusindikizidwa kamodzi ndi okonza silabasi, kumapeto kwa mutu uliwonse m'buku la ophunzira, m'chiyankhulo chomwe mwanayo angawerenge popanda womumasulira. Makoleji ophunzitsa aphunzitsi amathera nthawi yaitali pa kathandizidwe ka mwana wotsalira, ndipo n'koyenera kutero. Ola limodzi kapena awiri pa kathandizidwe ka womaliza msanga sangagwetse ndondomeko yawo. Chotsala ndi bokosi la mabuku a makalasi a patsogolo loikidwa kumbuyo kwa chipinda, ndi chilolezo choti mwana wa Sitandade 4 yemwe wamaliza ntchito yake atsegule buku la Sitandade 6 popanda kuuzidwa kuti akudzikweza.